KUKWERA PHIRI LA MULANJE NDI OLONDOLERA NJIRA

Mzinda wathu wa Lusaka unamangidwa pa dziko lathyathyathya. Mwana wobadwira mu Ng'ombe, mu Matero kapena mu Kanyama akhoza kukula mpaka kumera ndebvu asanaonepo phiri leni-leni. Cimene iye amachula phiri ndi kacitunda ka miyala kamene amakwera pocokera kotunga madzi. Amene anayendako njira ya ku Mazabuka adziwa mapiri a Munali, ndipo amene amapita kwao kum'mawa adziwa Manenekela, pamene basi imabuula isanatsikire ku mlatho wa Luangwa. Koma amenewa ndi ana cabe a mapiri.

Nsonga yaitali koposa m'Zambia muno iri ku mapiri a Mafinga, m'malire a dziko lino ndi Malawi, ndipo kutalika kwace ndi mamita 2,339 kucokera pamwamba pa nyanja ya mcere. Lusaka ali pa mamita pafupi-fupi 1,280. Tsono kum'mwera kwa Malawi kuli phiri la Mulanje, limene nsonga yace yochedwa Sapitwa ifika mamita 3,002, ndiwo mapazi pafupi-fupi 10,000 monga ankawerengera akale. M'Zambia, m'Malawi, m'Mozambique ndi m'Zimbabwe mulibe phiri lina lolingana nalo.

Masiku ano ana athu a m'tauni ayamba kukonda maulendo okwera mapiri. Amasonkha ndalama ku nchito kapena ku chalichi, nakwera basi, nabwerako ndi zithunzi. Ici ncabwino, pakuti munthu ayenera kudziwa dziko limene anacokera makolo ace. Koma ambiri amanyamuka osadziwa kuti phiri lalitali liri ndi malamulo ace, ndi kuti alipo anthu amene asunga malamulowo kuyambira kale lomwe. Anthuwo ndiwo olondolera njira ndi onyamula katundu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Nkhani ino ifotokoza za phirilo, za ulendo wace, ndi cifukwa cace munthu wanzeru sakwera Sapitwa yekha.

MAONEKEDWE A PHIRI

Wina asaganize kuti Mulanje ndi nsonga imodzi yosongoka ngati culu. Liri ngati dziko lina limene linanyamulidwa ndi kusanjikidwa pamwamba pa linzace. M'litali mwace muli makilomita pafupi-fupi 26, ndipo m'mimba mwace 22. Pansi pace pali cidikha cimene ciri pa mamita 600 kapena 700, ndipo ca kum'mwera kuli minda ya tiyi yobiriwira caka conse. Kucokera m'cidikhamo makoma a mwala aima njo, kutalika kwace kupitirira mamita 1,000. Munthu akatha kukwera makomawo amadabwa kupeza madambo a udzu, timitsinje ta madzi ozizira, ndi nkhalango zobisala m'zigwa. Pamwamba pa madambowo mpamene paimanso nsonga za mwala, ndipo pafupi-fupi 20 mwa izo zipitirira mamita 2,500.

Akatswiri a miyala amati phirili linali mwala wosungunuka umene unauma pansi pa nthaka zaka pafupi-fupi 130 miliyoni zapitazo. M'kupita kwa nthawi mvula inakokolola nthaka yofewa yozungulira, mwala wolimbawo nutsala poyera. Nsonga ina yochuka ndi Chambe, imene khoma lace la kumadzulo ndi lotalika mamita 1,700. Anthu okwera miyala ndi zingwe amalichula kuti ndilo khoma lalitali koposa mu Africa.

Phiri lotere limagwira mitambo yocokera ku nyanja ya mcere, cotero kumagwa mvula yambiri. M'menemo mucokera mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Phalombe, Sombani ndi Muloza. Kuyambira caka ca 2019 mzinda wa Blantyre umamwako madzi a Likhubula odzera m'mipope. Ruo amathira mu Shire, ndipo Shire amathira mu Zambezi. Mvula yogwa kuno kumpoto kwa Lusaka imatsikira ku Ngwerere ndi Chongwe, nikathiranso mu Zambezi momwemo. Motero madzi athu ndi madzi a Mulanje amakafika ku nyanja ali pamodzi.

ENI PHIRI NDI MIYAMBO YAO

Akulu-akulu amasimba kuti oyamba kukhala m'mapanga a phirili anali Akafula, amene ena amati Abatwa, anthu aafupi odziwa uta. Nkhani yao njodziwika ngakhale kwathu ku Chipata ndi ku Katete: akakumana ndi munthu ankafunsa kuti wawaonera pati, ndipo wocenjera ankayankha kuti wawaonera kutali. Pambuyo pao panadza Amang'anja. M'zaka za m'ma 1860 panafika Ayao, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Alomwe analowa ambiri kucokera ku Mozambique.

Mitundu itatuyi isiyana zilankhulo, koma pa za phiri imabvomerezana kuti ndi mudzi wa mizimu. Pa mtsinje wa Likhubula pali mathithi ndi dziwe lakuya lochedwa Dziwe la Nkhalamba, limene akale ankaliopa ndi kuthirapo nsembe. Amatinso munthu woyenda m'phiri nthawi zina amapeza cakudya cokonzeratu, kaya nthoci zakupsya, kaya nsima ya nthunzi, popanda wophika. Lamulo lace nlakuti adye mwaulemu pomwepo, asaitane mnzace, ndipo asatengeko kupita naco kumudzi. Wodzikuza, wonyoza ndi wopokosera, amati mizimu imamsokeretsa. Dzina lomwe la Sapitwa ndi cenjezo, kunena kuti kumeneko sapitako.

Palinso Napolo, cinjoka cimene amati cimakhala pansi pa phiri, ndipo cikafuna kusamuka cimagumula nthaka ndi miyala, madzi nasefukira. Ophunzira amati imeneyi ndi nthaka yotsetsereka imene yakhuta mvula. Dzina lingasiyane, koma maliro ace ndi amodzi. Anthu a ku Phalombe anaziona m'mwezi wa March 1991, pamene miyala ndi matope zinatsika phiri la Michesi ndi kupha anthu mazana-mazana. Zinabweranso mu March 2023 ndi namondwe wochedwa Freddy.

Ena a m'tauni adzaseka miyambo iyi. Koma taonani nchito imene inagwira. Inaletsa ana kukwera okha, inaletsa anthu kucita masewera pa malo oopsya, ndipo inasunga nkhalango za pa magwero a mitsinje. Sikuti anthu sankakwera phiri konse ai. Alenje, asing'anga ofuna mankhwala, ofula uci ndi odula nsungwi ankakwera ndithu, koma ankapita m'gulu, motsogozedwa ndi mkulu wodziwa njira ndi nyengo. Cotero udindo wa wolondolera njira unalipo mlendo woyamba asanafike.

KUFIKA KWA AZUNGU

David Livingstone analiona phirili m'caka ca 1859 pa maulendo ace a ku Shire. Mu 1891, caka cimene Angerezi anayamba kulamulira dzikolo, Henry Brown anayamba kubzala tiyi m'tsinde mwace, ndipo Alexander Whyte anakwera kukasonkhanitsa mitengo, maluwa ndi mbalame. Pamwambapo anapeza nkhalango za mkungudza, mtengo wonunkhira umene ciswe siciudya, umene sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi. Mu 1894 akatswiri a ku London anaupatsa dzina lakuti Widdringtonia whytei pokumbukira iyeyo, cinkana eni dziko anali nalo kale dzina lao. Mu 1893 boma linamanga linga la Fort Lister pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kuti litseke njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita ku Quelimane.

Mkungudza ndiwo unakweza anthu ambiri m'phiri. Boma ndi a mishoni anafuna matabwa a madenga, zitseko ndi mipando. Amuna ankaceka mitengo pamwamba ndi masowo a anthu awiri, ena nasenza matabwa pamutu kutsika nao makoma aja, kawiri-kawiri opanda nsapato. Awa anali abale a amtenga-tenga amene ankasenza katundu ndi macila a Azungu m'dziko lonse lino misewu isanalambulidwe. Njira zambiri zimene alendo amayendamo lero zinapondedwa ndi mapazi a anthu amenewa. Njira ina yokwerera ku Chambe imachedwa Skyline cifukwa ca cingwe ca waya cimene pambuyo pace cinamangidwa kuti cizitsitsa matabwa.

Mu 1927 boma linalengeza kuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo nyumba zina zinamangidwa pamwamba kuti azigonamo oyang'anira mitengo. Mu 1952 Azungu okonda mapiri anapanga kalabu yao, imene lero ichedwa Mountain Club of Malawi. Mabuku a nthawi imeneyo analemba maina a Azungu amene anakwera nsonga zosiyana-siyana, koma maina a amene anawaonetsa njira ndi kuwasenzera cakudya sapezeka kawiri-kawiri. Zidzukulu zao ndizo zikugwira nchitoyi lero, ndipo anthu amazichula kuti magaidi.

ULENDO WACE MASIKU ANO

Munthu wocokera ku Lusaka amakwera basi ya kum'mawa, kudzera ku Chongwe, Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 570. Amaoloka malire pa Mwami ndi pasipoti yace, nalowa ku Mchinji, napitirira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kucokera ku Blantyre kufika ku Mulanje ndi makilomita pafupi-fupi 65. Pa Chitakale amapatuka kulowera ku Likhubula, kumene kuli cipata cacikuru ca phiri. Ulendo wonsewu umadya masiku awiri.

Pa Likhubula mlendo amalembetsa dzina lace kwa a za nkhalango, nanena njira imene adzayenda ndi tsiku limene adzatsika. Ici si cizolowezi cabe ca m'maofesi, pakuti munthu akasowa ofuna-funa amayambira pa zimene analembetsazo. Pomweponso amapeza wolondolera njira ndi onyamula katundu. Iwo ali ndi bungwe lao, ndipo amalandira alendo mosinthana kuti ali yense apezeko nchito. Malipiro a tsiku ndi tsiku apanganiranetu ulendo usanayambe, kuopa kukangana pamwamba.

Pamwamba pa phiri palibe sitoro. Ufa, nyemba, kapenta, nshawa, mcere, shuga ndi tiyi, zonse zicokere pansi. Pafunikanso juzi yokhuthala, cipewa, cobvala ca mvula, bulangeti, nyali ya mabatire ndi nsapato zosaterera zimene phazi linazolowera kale. Nsapato yatsopano imabala matuza tsiku loyamba lomwe. Pali nyumba khumi zogonamo alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani, Chinzama, Madzeka ndi Minunu, ndipo ina ya ku Lichenya ndi ya mpingo wa CCAP. Nyumba iri yonse iri ndi mlonda wace amene amakonza nkhuni ndi madzi.

Ulendo umene ambiri amayenda ndi wa masiku anai. Tsiku loyamba amakwera kucokera ku Likhubula kufika ku Chambe, maora atatu kapena anai. Njira ya Skyline njaifupi koma yoimirira. Ya Chapaluka njotalikirapo, ndipo imadzera pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Tsiku limeneli ndilo limaliza anthu a m'tauni, cifukwa miyendo yozolowera minibasi imayamba kunjenjemera dzuwa lisanafike pamutu. Wolondolera wabwino amayenda pang'ono-pang'ono dala, napumitsa gulu pa mitsinje, ndipo salola wamphamvu kuthamangira kutsogolo kusiya wofooka m'mbuyo.

Tsiku laciwiri amayenda m'madambo a pamwamba, kukwera ndi kutsika zitunda, mpaka ku nyumba ya Chisepo, imene iri pa mamita pafupi-fupi 2,200 m'tsinde mwa Sapitwa. Madzulo ace wolondolera amayang'ana mitambo ndi kumva kumene mphepo ikucokera. Akati mawa sikukwereka, ndiye kuti sikukwereka.

Tsiku lacitatu amadzuka m'banda kuca. Kuyambira pamenepa njira yeni-yeni palibe. Pali matanthwe otsetsereka pamene munthu amakwera ndi manja ndi miyendo ngati nyani, pali timitengo tothinana ta ndere, ndipo pali miyala yaikuru ngati nyumba imene munthu amakwawa pansi pace. Pa miyala ina anapakapo utoto wofiira wosonyeza kolowera, koma utotowo umafufutika, ndipo m'nkhungu suoneka. Kukwera kumatenga maora atatu kapena anai, kutsikanso cimodzi-modzi. Pa nsonga pali cipilala ca simenti ca oyeza dziko. Kukakhala kowala munthu amaona nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba ndi mapiri a ku Mozambique, mitambo iri pansi pa mapazi ace. Koma sakhalitsapo, cifukwa ayenera kufika ku Chisepo kusanade. Tsiku lacinai amatsikira ku Likhubula, maondo ali kuwawa kuposa pokwera.

Nyengo yabwino ndi ya cilimwe, kuyambira May kufika October. Mu June ndi July kumazizira kwambiri, ndipo mu September ndi October kumatentha ndi kucita utsi wa moto wa m'chire. M'dzinja matanthwe amaterera ndipo mitsinje imadzaza.

ADANI ANAI A WOKWERA PHIRI

Mdani woyamba ndi kucepa kwa mpweya. Munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka, cotero kupuma kumodzi kumalowetsa m'mapapu mpweya wocepa wopatsa moyo, umene a sukulu amauchula okosijeni. Pa nsonga ya Sapitwa munthu amapeza magawo 7 mwa magawo 10 a mpweya umene akanapeza m'mbali mwa nyanja ya mcere. Kuyambira pa mamita 2,500 ena amamva mutu, cizungulire, mseru ndi kusowa tulo. Matendawa sasankha, amagwira ngakhale mnyamata wosewera mpira. Ife a ku Lusaka tiri ndi mwai pang'ono cifukwa tikhala kale pamtunda, ndipo pa Mulanje bvutoli silikula kawiri-kawiri popeza anthu amagona m'munsi mwa nsonga. Mankhwala ace ndi kukwera mosafulumira, kumwa madzi, ndipo zikakula, kutsika msanga.

Waciwiri ndi cisanu. Pa mamita 1,000 ali onse amene munthu akwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Mu June ndi July madzi amaundana usiku pamwamba pa phiri. Coopsya ceni-ceni ndi kunyowa pamodzi ndi mphepo. Munthu wobvala zonyowa amayamba kunjenjemera, kenaka amalankhula ndi kuyenda ngati woledzera, kenaka amafuna kugona, ndipo tulo timeneto sadzuka nato. Wotere abvulidwe zonyowazo, afunditsidwe, ndipo amwetsedwe tiyi wa shuga ngati ali maso.

Wacitatu ndi nkhungu. Kumeneko kuli mvula yowaza ya mphepo yozizira imene amaichula ciperoni, dzina locokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene imacokera. Imadza ngakhale m'cilimwe, nthawi zina mwadzidzidzi, ndipo ikhoza kukhala masiku awiri, atatu kapena kuposa. Ikafika munthu saona mnzace amene ali mapazi khumi patsogolo pace. Miyala yonse imafanana, ndipo phompho limaoneka ngati njira. Mlendo amadalira maso, koma mwana wa m'tsinde mwa phiri amadziwa malo ndi kutsetsereka kwa thanthwe, ndi mkokomo wa mtsinje, ndi phanga limene angabisalemo mpaka kuyere.

Wacinai ndi madzi. Popeza phirili ndi mwala, mvula silowa pansi kweni-kweni; imathamangira m'makwawa nthawi yomweyo. Kamtsinje kamene munaoloka m'mawa osabvula nsapato kakhoza kukhala cimtsinje colusa masana. Mu 1949 Fred France, mkulu woyang'anira nkhalango amene ankakhala ku Chambe, anakokoloka ndi madzi pooloka mtsinje wodzaza ku cigwa ca Ruo, ali pa ulendo ndi Laurens van der Post, amene pambuyo pace analemba nkhaniyi m'buku lace. France sanali mlendo m'phirimo, koma madzi sanamcitire manyazi. Lamulo la olondolera njira nlakuti mtsinje wodzaza amaudikira kuti uphwe.

AMENE ANAPITA OKHA

Mu September 2003 mtsikana wina wa ku Holland, amene ankagwira nchito m'boma la Mulanje, anasiyana ndi anzace napita yekha ku Sapitwa. Anthu a m'midzi, apolisi, asilikari ndi akatswiri ocokera kwao anamfuna-funa masiku ambiri, koma sanapezeke.

Mu July 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira kwambiri wa ku Brazil amene anali atayenda maiko ambiri, anafika ku Mulanje masiku ace okhala m'dzikomo ali pafupi kutha. Anafuna kukwera Sapitwa ndi kutsika mofulumira, ndipo anasiya wolondolera wace m'munsi napitirira yekha ndi zobvala zopepuka. Nyengo inasintha. Mtembo wace unapezeka mu August, patapita pafupi-fupi masabata atatu, ndipo cinamupha ndi cisanu. Mu 2017 mnzace Fellipe Barbosa anatulutsa kanema wosimba za ulendo wace wotsirizawo.

Okhulupirira za makolo amati mizimu inawatenga. Ophunzira amati inali nkhungu, cisanu ndi miyala. Pamene onse awiri amakumana mpakuti anthuwa anapita okha. Akale anati safunsa anadya phula, ndiponso kuyenda awiri si mantha.

M'MAIKO ENA NDI CIMODZI-MODZI

Phiri lalitali koposa mu Africa ndi Kilimanjaro ku Tanzania, la mamita 5,895, limene Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller anafika pa nsonga yace mu 1889. Pamenepo mpweya ndi theka la umene uli m'mbali mwa nyanja, cotero ulendo wace umatenga masiku asanu kufikira asanu ndi anai kuti thupi lizolowere. Boma la Tanzania silola munthu kukwera popanda wolondolera wa cilolezo, ndipo linaika malire a makilogramu 20 pa katundu wa mlendo amene munthu mmodzi angasenze.

Lalitali koposa pa dziko lonse ndi Everest, m'malire a Nepal ndi China, la mamita 8,849, pamene mpweya ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Oyamba kufika pamwamba pace, pa 29 May 1953, anali awiri: Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay, wa mtundu wa Sherpa umene ukhala m'mapiri amenewo. Anthu a mtunduwu ndiwo amamanga zingwe ndi kusenza katundu wa alendo, ndipo ndiwo amakumana ndi ngozi poyamba. Mu April 2014 cipale cogumuka cinapha 16 mwa olondolera a ku Nepal tsiku limodzi.

Caka cimeneco pa phiripo panali Mai Saray Khumalo, amene anabadwira m'Zambia muno nakakhala ku South Africa. Anabwerera osakwera cifukwa ca ngoziyo. Mu 2015 anabwezedwa ndi cibvomezi, ndipo mu 2017 anabwerera atatsala pang'ono kufika. Pa 16 May 2019, ulendo wacinai, anaima pa nsonga ya Everest, nakhala mkazi wakuda woyamba wa mu Africa kufikapo. Akadakakamira pa maulendo atatu oyambawo, kapena sitikadamva za wacinai. Kubwerera pa phiri si manyazi, pakuti phiri silisamuka.

MANGAWA A MLENDO

Ofuna kudziwa mphamvu za anthu a m'tsinde mwa Mulanje akaonere mpikisano wochedwa Porters Race, umene unayambira pa onyamula katundu ndi olondolera njira. Othamanga amacokera ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda wa makilomita oposa 20. Opambana amatsiriza asanakwane maora awiri ndi theka, pamene mlendo amayenda njira yomweyo masiku awiri kapena atatu.

Anthu amenewa ayenera ulemu. Ife a m'makomboni tidziwa kuwawa kwa kugwira nchito yolemetsa ndi kulipidwa monyozeka, cotero tisakacite kwa anzathu cimene timadana naco kuno. Mlendo asasenzetse munthu mmodzi katundu wa anthu awiri. Aonetsetse kuti omperekeza ali ndi cakudya ndi cofunda, pakuti cisanu sicisankha mlendo kapena mwini dziko. Alipire zimene anapangana, ndipo mkulu amchule bambo kapena acimwene, osati iwe. Koposa zonse amvere. Ndalama yolipira wolondolera njira sigula mphamvu yomlamula kuti akwere pamene iye waona kuti kwaipa.

Phiri lomwe liri ndi mangawa ace. Mkungudza, umene ndi mtengo wa fuko la Malawi, watsala pang'ono kutha cifukwa ca kuceka mobisa ndi moto wa m'chire. Owerenga mitengo mu 2017 anapeza mitengo ikulu-ikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi abzala mbande zikwi mazana-mazana, koma mkungudza umakula mocedwa, ndipo amene adzakhale pa mthunzi wace ndi adzukulu. Cotero mlendo asagule tibokosi ndi zosema za mtengowu, asasiye moto wosazima, ndipo atsike ndi zinyalala zace. Pamene nkhalango yatha, Napolo sacedwa kudzuka, ndipo olira ndi a m'midzi ya pansi.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a cuma ca dziko lonse lapansi. Cifukwa cacikuru cimene linachula ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, amene alisunga phirili ngati malo opatulika. Zimene ena ankaziyesa nthano za anthu osaphunzira, lero maiko azilemekeza.

Tsono inu a mu Ng'ombe, Mtendere, Kalingalinga, Chawama ndi George amene mufuna kukaona Sapitwa, pitani ndithu. Yambani mwazoloweza miyendo poyenda pansi milungu ingapo, sankhani mwezi wabwino, ndipo uzani abale tsiku lobwera. Mukafika pa Likhubula kumbukirani kuti mwalowa m'mudzi wa eni. Mlendo wamwambo amayamba waodira, napatsidwa womperekeza, ndipo akauzidwa kuti lero tibwerere, amabwerera.